Kuchokera ku Lilongwe Kukafika ku Jeddah: Makilomita 4,000, Nanga Maola Angati?



Masabata angapo apitawo, titamaliza phunziro la Hajj mu Fomu 3, mtsikana wina adatsalira m'kalasi anzake atatuluka. M'manja adali ndi pepala la tikiti ya ndege ya agogo ake aamuna, amene chaka chino Allah wawatsekulira njira ya ku Makkah atasunga ndalama zaka zambiri. Agogowo Chingerezi sawerenga, ndipo ndege amangoiona ikudutsa m'mwamba. Choncho banja lonse lidasiya pepalalo m'manja mwa mdzukulu wa ku sekondale.

"A Ustadh," adatero mtsikanayo, "ndaona pa foni kuti kuchokera ku Lilongwe kukafika ku Jeddah pali makilomita pafupifupi 4,000. Ku masamu tidaphunzira kuti nthawi timaipeza pogawa mtunda ndi liwiro. Ngati ndege imathamanga makilomita 850 pa ola, ndiye kuti maola ake sakukwana n'komwe 5. Koma tikitiyi ikuti anyamuka 2 koloko masana, akafika 2:30 usiku. Maola enawo akupita kuti? Nanga akaswali nthawi yanji? Ihram akavalira kuti?"

Masamu ake adali olondola, ndipo tikitinso simanama. Ndaona kuti ndiyankhe pano kuti tonse tipindule, chifukwa ambiri a inu ndinu amene mumawerengera makolo mapepala otere. Manambala a pa tikitiyo ndawasalaza pang'ono kuti kuwerengera kusavute.

Makilomita 4,000 achokera kuti?

Palibe munthu adayalapo chingwe kuchokera ku Lumbadzi, kumene kuli bwalo la ndege la Kamuzu, mpaka ku bwalo la King Abdulaziz ku Jeddah. Mtundawu timaupeza powerengera. Dziko lapansi ndi lobulungira, ndipo kulizungulira lonse ndi makilomita pafupifupi 40,000. Chozungulira chilichonse chimagawidwa m'madigiri 360. Tikagawa 40,000 ndi 360 tikupeza kuti digiri imodzi, poyenda cha kumpoto kapena cha kummwera, ndi makilomita pafupifupi 111.

Lilongwe ali pa madigiri pafupifupi 14 kummwera kwa ikweta, mzere wongoganizira uja umene umadula dziko pakati. Jeddah ali pa madigiri pafupifupi 22 kumpoto kwa mzere womwewo. Tikaphatikiza 14 ndi 22 tikupeza 36, ndipo 36 kuchulukitsa ndi 111 ikutipatsa 3,996. Jeddah wapendekera pang'ono chakummawa, ndi madigiri 5 okha, choncho kupendekerako sikusintha yankho kwenikweni. Makilomita 4,000 aja ndi amenewo. Kuti muwaone bwino m'maganizo, msewu wa Blantyre kupita ku Lilongwe ndi wa makilomita opitirira pang'ono 300. Kupita ku Jeddah kuli ngati kuyenda msewu umenewo maulendo 13.

Kawerengedwe aka si kachilendo kwa Asilamu. Cha m'ma 830, Khalifa Al-Ma'mun wa ku Baghdad adatuma akatswiri a zakuthambo kukayeza kutalika kwa digiri imodzi m'chigwa cha Sinjar, ndipo zimene adapeza sizidatalikirane ndi zimene tikudziwa lero. Patapita zaka pafupifupi 200, Al-Biruni adayeza kukula kwa dziko atakwera phiri ku Nandana, dera limene lero lili mu Pakistan. China mwa zimene zinkawakankha akatswiriwa kudziwa malo a mizinda chidali kupeza Qibla molondola.

Mukapita m'chipinda cha Jogalafe, tengani gulobu ndi ulusi. Ikani nsonga imodzi pa Lilongwe, inayo pa Jeddah, n'kukoka ulusiwo kuti ulimbe. Pamene wagona ulusiwo ndiyo njira yaifupi kuposa zonse. Muona kuti ukudutsa dera la Nkhotakota, nyanja yathu, Tanzania, Kenya, Ethiopia, kenaka Nyanja Yofiira. Muonanso kuti ukuloza kumpoto, mopendekera pang'ono kummawa. Ndiko komwe mizikiti yathu idayang'ana, pakuti Qibla ya ku Lilongwe ili pa madigiri pafupifupi 10 kuchoka kumpoto kupendekera kummawa. Njira ya ndege ndi njira ya Qibla zimangotsala pang'ono kukhala imodzi.

Chifukwa chake kugawa kokha sikukwanira

Liwiro la makilomita 800 mpaka 900 pa ola ndi la ndege imene yafika kale kumwamba, pa mtunda wa makilomita 10 kapena 12 kuchokera pansi, kumene mpweya ndi wopepuka ndipo mafuta satha msanga. Koma ndege siyambira pamenepo. Imayamba yayenda pang'onopang'ono pabwalo, nthawi zina n'kudikira zinzake kuti zinyamuke. Kukwera kumatenga mphindi 20 kapena kuposerapo, ndipo kutsika kumayamba kudakali pafupifupi theka la ola kuti itere. Nthawi yonseyi liwiro limakhala lochepa. Nthawi imene amalemba pa tikiti imayambira pamene ndege yasuntha pamalo okwerera mpaka pamene yaima pamalo otsikira, osati ya m'mlengalenga yokha.

Chachiwiri, kumwamba kulinso misewu yake ngakhale sitiiona. Ndege zimatsata njira zimene oyang'anira zamlengalenga adakonza, zimalambalala mitambo ya mabingu, ndipo zimapewa maiko kumene kuli nkhondo. Ulusi wathu uja umakhala wowongoka, koma njira yeniyeni imakhotakhota pang'ono.

Chachitatu ndi mphepo. Aliyense amene adapalasapo bwato mu Shire akudziwa kuti kutsika ndi madzi n'kosavuta kusiyana ndi kukwera, ngakhale mtunda ndi womwewo. Mpweya nawo umayenda ngati mtsinje. Kumwamba kwambiri kuli mphepo zamphamvu zochokera kumadzulo kupita kummawa. N'chifukwa chake ndege yochoka ku New York kupita ku London imatenga maola pafupifupi 7, koma yochoka ku London kupita ku New York imatenga pafupifupi 8, pa mtunda umodzimodzi wa makilomita pafupifupi 5,500. Ulendo wathu wa ku Jeddah ndi wa kummwera kupita kumpoto, choncho mphepozi zimaomba cham'mbali ndipo kupita ndi kubwera sikusiyana kwambiri.

Tikaphatikiza zonsezi, ndege yolunjika ikadakhalapo ikadatenga maola 5 ndi theka kapena kufupi ndi apo. Koma pa ndandanda wa ndege za masiku onse palibe yochoka ku Lilongwe molunjika ku Jeddah.

Kusintha ndege pa njira

Chifukwa chake ndi cha malonda. Anthu ochoka m'Malawi kupita ku Jeddah sangadzaze ndege tsiku ndi tsiku chaka chonse. Makampani a ndege amachita ngati mabasi a pa depoti: amatuta anthu kuchokera m'mizinda yambiri, n'kuwasonkhanitsa pa bwalo limodzi lalikulu, kenaka n'kuwagawa m'ndege zina molingana ndi kumene akupita. Ethiopian Airlines imasonkhanitsira ku Addis Ababa, Kenya Airways ku Nairobi.

Tikiti ya agogo aja idali yodzera ku Addis Ababa. Kuchokera ku Lilongwe kukafika kumeneko pali makilomita pafupifupi 2,600, ndipo ndege imatenga maola pafupifupi 4. Kuchokera ku Addis Ababa kukafika ku Jeddah pali makilomita pafupifupi 1,400, maola 2 ndi theka. Phatikizani 2,600 ndi 1,400: mukupezanso 4,000. Addis Ababa ali pafupi kwambiri ndi ulusi wathu uja, moti kudzera kumeneko sikuonjezera mtunda. Nairobi nayenso ali chimodzimodzi: makilomita pafupifupi 1,400 kuchokera ku Lilongwe, ndi ena pafupifupi 2,600 kukafika ku Jeddah.

Koma taonani zimene zimachitika munthu akadzera ku Johannesburg. Amayamba wabwerera kummwera makilomita pafupifupi 1,500, kenaka n'kuuluka makilomita opitirira 5,400 kupita kumpoto, kudutsanso kufupi ndi kwawo kumene wachokera. Onse pamodzi akuyandikira 7,000. Choncho posankha tikiti musangoyang'ana mtengo. Yang'anani mzinda wosinthira ndege, maola odikira, komanso ngati ndegeyo iyambe yatera mumzinda wina kukatenga anthu, pakuti zina zimatero. Kwa munthu wachikulire, maola ochepa oonjezera ndi katundu wolemera.

Kudikira ndiko kumadya nthawi yambiri. Pa tikiti ya agogo, ndege yoyamba idayenera kutera ku Addis Ababa 7 koloko madzulo, ndipo yachiwiri kunyamuka 12 koloko usiku. Amenewo ndi maola 5 ongokhala pa mpando, pafupifupi ofanana ndi maola a ulendo wonse wolunjika.

Ola limene limasowa

Mtsikana uja adadabwanso kuti kunyamuka 2 koloko n'kuuluka maola 4 kukutifikitsa bwanji pa 7 koloko m'malo mwa 6. Yankho lili pa wotchi. Dziko limazungulira madigiri 15 pa ola lililonse, choncho maiko a kummawa amayamba kuona dzuwa ife tisanalione, ndipo mawotchi awo amakhala patsogolo. Ethiopia, Kenya ndi Saudi Arabia onse ali patsogolo pa Malawi ndi ola limodzi. Ikamakwana 6 koloko kuno, kumeneko ndi 7.

Lamulo loti muligwire ndi ili: nthawi iliyonse yolembedwa pa tikiti ndi ya malo amene yatchulidwawo. Nthawi yonyamukira ku Lilongwe ndi ya Malawi, yofikira ku Addis Ababa ndi ya Ethiopia. Choncho kuchokera 2 koloko masana mpaka 2:30 usiku kumaoneka ngati maola 12 ndi theka, koma enieni ndi 11 ndi theka: 4 a ndege yoyamba, 5 odikira, 2 ndi theka a ndege yachiwiri. Pobwerera ola lija limabwezedwa. Munthu woiwala kukankha wotchi yake patsogolo akatera ku Addis Ababa angathe kuganiza kuti watsala ndi ola lathunthu pamene anzake akukwera kale.

Ku Ethiopia kulinso china choti musamale. Anthu akumeneko pocheza amawerenga maola kuyambira m'bandakucha, monga amachitira olankhula Chiswahili, moti 7 koloko yathu ya m'mawa kwa iwo ndi ola loyamba. Matikiti ndi zikwangwani za pa bwalo la ndege zimatsata kawerengedwe kamene tidazolowera ife. Khulupirirani chikwangwani, ndipo mukakayika onetsani tikiti kwa wogwira ntchito pabwalopo. Safunsa adadya phula.

Kuchoka pakhomo kukafika pakhomo

Ulendo suyambira pa bwalo la ndege. Agogo aja kwawo ndi ku Mangochi. Akachoka 6 koloko m'mawa, ndipo pamsewu zikayenda bwino, afika ku Lumbadzi cha m'ma 11. Taonani kuti maola 5 a pamsewuwa, pa makilomita osakwana 300, ndi ochuluka kuposa amene ndege itenge kuwafikitsa ku Ethiopia. Pa maulendo a kunja kwa dziko munthu amayenera kufika pabwalo kudakali maola 3, kuti apereke katundu ndi kudinditsa pasipoti. Akatera ku Jeddah ikhala 2:30 ya kumeneko, imene ndi 1:30 usiku ya kwathu. Kuyambira pamene adatseka chitseko kwawo apita maola 19 ndi theka.

Komabe sanafike. Ku Makkah kulibe bwalo la ndege. M'nyengo ya Hajj, ndege zambiri zimatera nthawi imodzi pa malo apadera a mahaji, a denga looneka ngati matenti aja amene adatsegulidwa mu 1981, ndipo mizere ya mapasipoti, katundu ndi mabasi imatha kutenga maola angapo. Kuchokera pabwalopo kukafika ku Makkah pali makilomita pafupifupi 100. Tikaikapo maola 5 pa zonsezi, ulendo wonse ukukwana usana ndi usiku wathunthu, pamene maola a m'ndege ndi 6 ndi theka okha.

N'chifukwa chake mankhwala a BP kapena a shuga, zovala za ihram, nkhwaira ndi kachakudya pang'ono ziyenera kukhala m'chikwama cha m'manja. Sutikesi yaikulu mukaipereka ku Lilongwe simuionanso mpaka ku Jeddah.

Swala zigwera pati?

Munthu akadziwa maola a ulendo wake angathe kukonzeratu swala zake asanachoke pakhomo. Wapaulendo adapatsidwa chilolezo chofupikitsa swala za rakaa 4 kukhala 2, monga ikukambira Sura An-Nisa ndime 101. Mu madhhab a Imam Shafi'i, amene ambiri a ife timatsatira, mtunda wolola zimenezi ndi makilomita pafupifupi 81, ndipo chilolezo chimayamba munthu akatuluka m'malire a mudzi kapena mzinda wake. N'kololedwanso kuphatikiza Dhuhr ndi Asr, komanso Maghrib ndi Isha.

Tiyeni tiziike pa tikiti ija. Agogo aswali Dhuhr ndi Asr pamodzi pa bwalo la ndege la Kamuzu asanakwere. Dzuwa likawalowera akuyandikira Addis Ababa, ndipo ali ndi maola 5 oti achite wudhu mosathamanga n'kuswali Maghrib ndi Isha. Fajr ikawapeza atatera kale ku Jeddah. Mwaona kuti palibe swala imene yagwera m'ndege. Kudikira kuja kumene timadandaula nako kwasanduka mpata.

Abale athu otsatira madhhab a Imam Abu Hanifa amafupikitsa koma saphatikiza swala paulendo wamba, choncho Asr idzawapeza m'mwamba. Zikatero, kumbukirani ulusi uja: popita, kutsogolo kwa ndege kumakhala kufupi kwambiri ndi Qibla, pamene pobwerera Qibla imakhala kumbuyo. Ndege zambiri zili ndi mapu pa kagalasi ka kumbuyo kwa mpando osonyeza kumene yaloza.

Ndipo nthawi ya swala imatsata dzuwa la pamalo pamene munthu ali, osati wotchi imene wachoka nayo kwawo. Zaka zino Hajj ikugwa m'miyezi ya Meyi ndi Juni, pamene kuno kukuzizira ndipo kumpoto kwa ikweta masiku ndi aatali. Mu Juni dzuwa limalowa cha m'ma 5:30 ku Lilongwe, koma ku Jeddah limalowa itangopitirira 7 koloko. Kalendala ya swala ya pa mzikiti wakwanu siigwira ntchito kumeneko.

Makilomita 14 pa mphindi imodzi

Tsopano tafika pamene masamu a mtsikana uja ali ofunika koposa. Mtumiki Muhammad, madalitso ndi mtendere wa Allah zikhale pa iye, adaika malire otchedwa miqat, amene wopita ku Hajj kapena Umrah sayenera kuwadutsa asanalowe mu ihram. Kwa ochokera kummwera malire ake ndi Yalamlam, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 100 kummwera kwa Makkah. Ndege yochokera ku Addis Ababa kapena ku Nairobi imafika molingana ndi Yalamlam isanatere, ndipo maulama ambiri amati Jeddah si miqat ya anthu ochokera mbali yathu ino. Wodutsa wopanda ihram ayenera kubwerera ku miqat, apo ayi azinge mbuzi kapena nkhosa ku Makkah ngati dipo.

Kale apaulendo ankaima pa miqat, n'kutsitsa katundu, kusamba ndi kuvala mosapupuluma. Ndege siima. Gawani 850 ndi mphindi 60: mukupeza makilomita 14 pa mphindi iliyonse. Ngakhale liwiro limatsika ikamayandikira kutera, munthu amene wadzuka kukasintha zovala atamva chilengezo, n'kupeza mzere pakhomo pa chimbudzi, pomatuluka adzakhala atadutsa kalekale. Onjezani kuti pa tikiti yathu ija zimenezi zikuchitika cha m'ma 2 koloko usiku munthu atatopa, kuti chilengezo sichikhala m'Chichewa kapena m'Chiyao, ndiponso kuti si ndege zonse zimene zimalengeza.

Njira yake ndi yapafupi. Amuna avalire nsalu ziwiri zija ku Addis Ababa, m'maola 5 odikira aja. Kuvala kokha sikumulowetsa munthu mu ihram. Chimene chimamulowetsa ndi niya. Amayi alibe nsalu zapadera, kwa iwo ndi zovala zawo zodzilemekeza ndi niya basi. Niya ndi talbiya zichitike kudakali ola lathunthu kuti ndege itere, kapena ikangonyamuka kumene ngati munthu akuopa tulo. Kuyamba miqat isanafike n'kololedwa, kuchedwa ndiko kuli ndi dipo. Amene gulu lawo likuyambira ku Madinah sakhudzidwa ndi Yalamlam. Iwo adzalowa mu ihram pa Dhul Hulayfa pochoka ku Madinah. Choncho funsani mtsogoleri wa gulu kumene mukuyambira musanalongedze.

Tsokonombwe adatha mtunda n'kudumpha

Tikamadandaula ndi tsiku limodzi, tikumbuke akale. Ibn Battuta adachoka ku Tangier mu 1325 ali ndi zaka 21, ndipo adakafika ku Makkah mu 1326, patapita chaka ndi miyezi ingapo. Munthu wa m'mbali mwa nyanja yathu zaka za m'ma 1800 akafuna kukafika ku Arabia ankayenera kuoloka nyanja pa ngalawa, kuyenda pansi masabata ambiri mpaka ku gombe la Kilwa, kenaka kudikira mphepo. Ngalawa za matanga zinkapita kumpoto ndi mphepo ya Kusi, imene imaomba kuyambira cha mu Epulo mpaka Seputembala, ndipo zinkabwerera ndi ya Kaskazi, ya Disembala mpaka Malichi. Wophonya mphepo ankadikira miyezi. Mtunda sudasinthe. Chimene chasintha n'chakuti zimene iwo ankakonzekera kwa miyezi, ife tiyenera kuzikonzekera m'maola ndi mphindi.

Mtsikana uja adatenga pepala loyera n'kulemba m'zilembo zikuluzikulu, m'chilankhulo chimene agogo ake amawerenga, mizere isanu: ku Lilongwe, Dhuhr ndi Asr musanakwere, mukatera ku Addis Ababa kankhani wotchi ola limodzi patsogolo, Maghrib ndi Isha pomwepo, valani ihram musanakwere ndege yachiwiri, niya ndi talbiya ndege ikangonyamuka. Pepalalo adalipinda n'kuliika mkati mwa pasipoti.

Ngati kwanu kuli wina amene akupita chaka chino, pemphani tikiti yake, khalani naye pansi, muwerengere limodzi maola ake monga tachitira pano. Pamene pakuvutani bwerani nayo ku ofesi ya aphunzitsi tidzaonere pamodzi, Insha Allah. Allah awafewetsere ulendo onse amene akupita, awalandire Hajj yawo, ndipo awabweze kwa ife ali amoyo ndi athanzi. Ameen.